Zazikulu Timagwira, Tiana Timasiya

Amuna anga, a Fletcher, amasodza ku Mbenji, ndipo za kusunga kwawo malamulo musavutike kufunsa anthu, adzakuuzani okha musanakhale n'komwe pansi. Kuchilumba kuja mowa samwa, njuga satchova, mkazi sapondako. Mvula ikayamba amatsekako, aliyense azipita kwawo mpaka mu Epulo, kuti utaka uswane bwino. Iwo zimenezi amazinyadira ngati anazikhazikitsa ndi iwo. “Zazikulu timagwira, tiana timasiya tikule,” ndiye nyimbo yawo imeneyo, kutchalitchi, pamaliro, ngakhale pogula sopo kugolosale.

Chimene sanena n'chakuti akatseka nyanja kumeneko, amatsekanso mphika wanga kuno. Boti si lawo, ukonde si wawo, zonse ndi za a Mose a ku Chipoka. A Fletcher chawo ndi manja basi. Ndiye akabwera mu Disembala ndi kathumba ka utaka wouma, timadya mpaka Khirisimasi, kenako nkhwani, therere, chisoso, mawa lake nkhwani. Nyanja ili pompano, ukuiona ndi maso uli pakhonde, koma nsomba zochepa zopezeka padoko amazilimbirana ndi ogula a ku Lilongwe. Ife kwathu n'kununkhiza.

Chaka chatha mu Febuluwale mwana wathu Tamanda, amene tsopano ali ndi zaka zitatu, anayamba kufiira tsitsi. Mapazi anatupa, kusewera anasiya. Mwanayu ali ndi mkanda wa m'chiuno umene ndinamumanga ali wakhanda. Mwana akamanenepa mkanda umathina, iwe umawonjezera chingwe, mtima uli m'malo. Tsiku lina ndikumusambitsa, mkanda uja unangotsetsereka, kudutsa m'matako mpaka kugwera m'beseni.

Kusikelo anamwino anandifunsa kuti, “Mayi, bambo a mwanayu amagwira ntchito yanji?”

“Ndi asodzi.”

“Mwana wa msodzi ameneyu?”

Sananyoze ayi, anangofunsa, koma amayi onse pabenchi paja anatembenuka. Anatipatsa chiponde, mwana anachira, mkanda unayambanso kugwira. Ine funso lija silinandichoke. Ndinalumbira kuti nyengo yotseka ikubwerayo idzandipeza ndi nyama yangayanga kuseri kwa nyumba, yosadikira boti la munthu.

Nkhuku ndinayesa kale, chitopa chimandisesera chaka ndi chaka. Mbuzi ndi chuma, sungaizinge Lachiwiri wamba chifukwa choti mwana akufuna ndiwo. Kalulu ndiye ndinaona kuti ndi wa ife. Amadya masamba omwe atikwanawa, bere lake ndi mwezi umodzi, ndipo mmodzi amakwana mphika, palibe chotsala choti chiwonongeke. A Fletcher atangokwera boti mu Epulo, ine ndinayamba kumanga khola. Nsungwi ndinadula ndekha, matabwa ndinakazula pa boti lina lakutha kudoko, pamwamba ndinaika lata lakale. Misomali ina ndinkaiwongola ndi mwala. Chala ichi chikhadabo chake sichinamerenso bwino mpaka lero.

Akalulu awiri ndinakagula kumsika wa ku boma, kwa bambo wina wachipewa amene analumbira pali amayi ake kuti uyu wamphongo, uyu wamkazi. Abale inu! Ndinathyola kholowa, chisoso, masangwe a mtedza, kupempha gaga kuchigayo, miyezi iwiri yathunthu. Akalulu kunenepa ndithu, koma za mimba ayi. Chimene ankadziwa ndi kumenyana, ubweya mbwee khola lonse. Ine n'kumati ndi chikondi, banja lililonse limayamba choncho.

Pomaliza ndinakaitana a Bilali. A Bilali ndi mkulu wachisilamu wokhala kuseri kwa mpanda wathu, amaweta akalulu kuyambira kale. Ndi amenenso timawaitana kuti atizingire mbuzi kapena nkhuku pakakhala ukwati kapena maliro, kuti aliyense m'mudzi muno adye mosakayika. Anagwira kalulu woyamba pakhosi, kumutembenuza, kuyang'ana. Wachiwiri chimodzimodzi. Kenako anayamba kuseka mpaka kapu kugwa.

“Mayi a Tamanda, awa ngakhale muwasunge mpaka Kiyama, tsiku lachiweruzo, sadzakuberekerani. Onsewa ndi abambo.”

Bambo wachipewa uja sindinamuonenso, ndipo athokoze Mulungu wake. A Bilali anandichitira chisoni, anatenga wamphongo mmodzi n'kundipatsa wamkazi, wotuwa, wamakutu aatali. Tamanda atangomuona anati, “Phulusa!” Dzina linakhala lomwelo.

Phulusa anaswa koyamba mu Ogasiti, tiana tisanu. Ndinavina ndekhandekha kuseri kwa nyumba ngati wamisala. Patangopita masiku ochepa ndinadzuka m'mawa n'kupeza linthumbu litakwera miyendo ya khola, mzere wakuda bii, kuchokera kudzala mpaka m'chisa. Phulusa anali atadzipanikiza pakona akupondaponda. Za tiana tija musandifunse. Ndinalira, kenako ndinatukwana, kenako ndinakapempha oyilo wakutha kwa okonza njinga zamoto, n'kuimika mwendo uliwonse wa khola m'chitini chake.

Okutobala anabwera ndi dzuwa lake la ku Salima, lija loti mchenga umawotcha ngakhale wavala patapata. Ine kuika lata pamwamba ndinkati ndikuteteza mvula, osadziwa kuti ndamanga uvuni. Ndikuchokera kuchigayo masana ndinapeza wamphongo uja atagona chammbali, atauma kale. Phulusa anali wefuwefu, makutu otentha ngati nsimbi. Ndinamukulunga m'chitenje chonyowa, n'kukhala naye pamthunzi mpaka anadzutsa mutu. Lata lija ndinaliponya kutali. Ndinafolera udzu, ndinakokera khola pansi pa mtengo wa mango, n'kumapachika masaka onyowa m'mbali dzuwa likakwiya. Madzi ake otunga kumjigo, pamutu panga pano.

Apongozi anga akamadutsa ankangoti, “Mudakali ndi mbewa zanu zija?” Ine ndinkayankha kuti eya, mano nditaluma.

Wamphongo ndinalibenso, ndiye ndinakapempha kuti a Bilali andibwereke wawo. Iwo anakana. “Ayi, bweretsani wamkaziyo kuno. Mukapititsa wamphongo kukhola la mkazi amakamenyedwa, ntchito osagwira. Akalulu sadziwa chikamwini, awo ndi a chitengwa.” Ndinamuika Phulusa m'dengu, kuphimba ndi chitenje, n'kumuperekeza kwa amuna ake ngati nankungwi. Chinthu chake chosatenga nthawi n'komwe. Ndisanamalize kupereka moni kwa akazi a a Bilali, ukwati unali utatha.

Ulendo uno zinayenda. Kumapeto kwa Novembala Phulusa anayamba kututa udzu ndi pakamwa, n'kumazula ubweya wa pachifuwa pake kuyala m'bokosi. M'mawa wina ubweya uja unali kugwedezeka wokha. Tiana tisanu ndi tiwiri, topanda ubweya, tonyansa, tokongola kuposa chilichonse chimene ndinaonapo. Ndinawerengera ndi zala: pofika Febuluwale ndi Malichi, miyezi yoipa ija, tidzakhala titakwana mphika. Phulusa ndidzakhala nditamuperekezanso kuchitengwa, wina wamkazi mwa anawa ndidzamusunga. Ndowe zawo ndinali nditathira kale m'matumba asimenti momwe ndinabzalamo mpiru ndi matimati, ndipo zinali zobiriwira kuposa za m'dimba la apongozi. Ndinayamba kugona tulo.

A Fletcher anabwera Mbenji atatseka, akuda bii, ndi kathumba kawo ka utaka. Ataona khola anazungulira, kugwedeza nsanamira, kuyang'ana mfundo zanga.

“Mfundo izi wamanga ndani? Mphepo ya mwera ikhoza kumasula ndi chala chimodzi.”

Miyezi yonseyi ine ndikuvutika, moni wake ndi ameneyo. Komabe anatenga chingwe cha ukonde n'kumanganso zonse bwinobwino, poti pa mfundo ndiye palibe angawapose. Atafuna kupisa dzanja m'bokosi ndinawamenya pamkono.

“Iyayi, bambo a Tamanda. Manja anuwo nsomba zokhazokha. Tiana musatigwire, mayi wake angatikane.”

Masiku otsatira, poti analibe chochita, ankakhala pampando pansi pa mango paja akusoka ukonde wa a Mose, diso lili kukhola. Tiana tinali titatsegula maso, titayamba kutuluka m'bokosi n'kumanyenyula nsonga za kholowa. Tsiku lina ndikudutsa ndi ndowa pamutu anati, “Koma chimayi chanuchi n'chaulesi. Tsiku lonse chili pakona, ana akachiyandikira chikuthawa. Anawa akudzidyera okha.”

“Musiyeni,” ndinatero, madzi akundidonthera m'khosi. Kalulu amayamwitsa kamodzi patsiku, m'bandakucha, kanthawi kochepa, anthu asanadzuke. Ndikanaima ndi ndowa pamutu kuti ndiyambe sukulu?

Lachisanu linali tsiku la sikelo. Ndinabereka Tamanda m'mamawa. Mzere unali wautali, dzuwa lili phwee, mitambo ikungoopseza osagwetsa kanthu. Atamupachika pasikelo, anamwino omwe aja anagwedeza mutu.

“Sanatsike, koma sanakwerenso. Mayi, miyezi ikubwerayi ndi ija.”

“Chaka chino ayi, anamwino. Ndili ndi akalulu.”

Ndinayankha mokweza dala, kuti a pabenchi amve.

Pobwerera, titafika pamjigo, ndinamva fungo la nyama yokazingira anyezi. Ndinati kodi ndani wodala ameneyu, kudya nyama Khirisimasi isanafike? Fungo linkakula ndikamayandikira kwathu. Pabwalo panali njinga yamoto yofiira. Pansi pa mango, pampando wabwino uja, panali a Mose, mwini boti, mimba patsogolo, akupukusa makiyi. A Fletcher anatuluka m'khitchini thukuta lili kamukamu, chipande m'manja, nkhope yowala ngati apambana mpikisano.

“Mwafika, mayi a Tamanda! Abwana atiyendera mwadzidzidzi. Ndinati tisakudikireni, mubwera otopa. Ife a ku Mbenji timaphika tokha. Mpunga wapsa kale.”

Ndinagwada, ndinapereka moni kwa a Mose, ndinafunsa za amayi kunyumba ndi ana. Pakamwa pankayankhula pokha, maso anali kukhola. Chitseko chinali chotseka bwino, chomangidwa ndi mfundo yokongola. Pakona ya Phulusa panalibe kanthu. Pampanda, pafupi ndi matumba anga a mpiru, panali patayanikidwa chikopa chotuwa.

Ndinalowa m'khitchini, a Fletcher ananditsatira.

“Mwachita chiyani?”

“Ndiwo. Munthu wotilemba ntchito ndingamupatse therere? Nkhuku tilibe.” Anatsitsa mawu, akumwetulirabe. “Musadandaule, ndasankha bwino. Ndatenga chachikulu chokhacho, chaulesi chija. Tiana tonse tilipo, sindinatikhudze n'komwe, monga munanenera.”

Mayo ine! Likanakhala tsiku lina akanaitana a Bilali kuti adzazinge, monga timachitira, ndipo a Bilali akanawalanda mpeni. Koma linali Lachisanu masana, mkulu uja ali kumzikiti, ndipo a Mose ndi a mpingo wathu womwe. Tsoka silinunkha.

Ndinkafuna kukuwa kuti mudzi wonse umve. Ndinkafuna kutenga mphika uja n'kuuponya kunyanja. Koma mlendo ali pabwalo, mlendo wake woti boti ndi lake, ndipo mu Epulo ndi iye adzanene amene akwere ndi amene atsale. Ndinameza. Ndinapakula mpunga, ndinapakula Phulusa, ndinatenga beseni ndi jagi, n'kukagwada kuwasambitsa m'manja abambo awiri aja.

Ine ndi Tamanda tinakhala pamkeka kukhitchini, kudikira mbale. Mwana anali atamva fungo, akungodzuka n'kukhala, kudzuka n'kukhala.

“Amayi, nyama?”

“Dikira, alendo adye kaye.”

Kuchokera pamene ndinakhala ndinkamva zonse. A Mose amadya ngati akulipidwa. Ntchafu yoyamba, ntchafu yachiwiri, msana. Ankaswa mafupa ndi mano, kuyamwa, kuyamikira. A Fletcher nawo akufotokoza za malamulo, kuti vuto la asodzi a masiku ano ndi kukokolola ndi tiana tomwe, kugwiritsa ntchito masikito, osaganiza za mawa. “Zazikulu timagwira, abwana, tiana timasiya.” A Mose anavomereza pakamwa pali todzaza.

Mbale itabwerera munali msuzi, khosi, ndi kamwendo kamodzi kakutsogolo. Miyezi isanu ndi itatu ya kholowa, oyilo, masaka onyowa ndi chala chophwanyika, mwana wanga n'kulandirapo kamwendo kakutsogolo. Ndinamupatsa zonse. Anadya mwakachetechete, maso ali pambale, msuzi ukutsikira m'chigongono, iye n'kumaunyambita komweko. Ine sindinalawe.

Potsanzika a Mose anandiitana. “Mayi, mumaweta bwino. Yofewa kuposa nkhuku. Ulendo wina ndibwera ndi amayi kunyumba, adzalawe nawo.”

“Mudzabwere ndithu,” ndinatero. Mulungu andikhululukire zimene ndinanena mumtima.

Njinga itangokhota pamjigo, ndinapita kumpanda, ndinachotsa chikopa chija, n'kukachiyala pa ukonde umene a Fletcher anali atayambanso kusoka.

“Aa, mukundidetsera ukonde wa eni.”

“Tembenuzani.”

“Chiyani kodi?”

“Tembenuzani muone kumimba.”

Anatembenuza. Mawere anali m'mizere iwiri, otupa, ozungulidwa ndi khungu lopanda ubweya pomwe Phulusa anadzizula kuyalira ana ake. Ndinafinya limodzi ndi zala ziwiri. Panatuluka kadontho koyera.

“Ichi n'chiyani, bambo a Tamanda?”

Anaweramira pachikopa paja.

“Ndikufunsa. Inu odziwa malamulo. N'chiyani ichi?”

“Koma sichinkayamwitsa. Ndinkachiona ine, tsiku lonse...”

“Amayamwitsa inu mukuliza mkonono! Mumafuna azikuitanani? Mwaona tiana tikunyenyula tsamba, basi mwati takula? Tamanda anayamba kulawa phala ali ndi miyezi isanu ndi umodzi, bwanji simunandizinge ine?”

“Mayi a Tamanda, anthu akumva.”

“Amve! Ndiuzeni, Mbenji mumatsekeranji?”

Anayang'ana pansi. “Utaka umakhala uli ndi ana m'kamwa.”

“Ukaugwira nthawi imeneyo?”

“Ana amafa nawo.”

“Ehe. Miyezi inayi mumakhala pano manja lende, ife tikudya therere, mwana akufiira tsitsi, kuti nsomba ya m'nyanja ilere ana ake. Ine sindinadandaulepo, ndimati ndi lamulo labwino. Koma kalulu mmodzi wa pakhomo panu, woti adyetse mwana wanu, mwalephera kumutsekera milungu iwiri yokha. Iwiri! Kenako mukanadya ndi abwana anu mpaka makutu.”

Ndinakwiya ndi iwo, ndinakwiya ndi a Mose, ndi bambo wachipewa, ndi linthumbu, ndi dzuwa, ndi nyanja yomwe. Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti munthuyu sanachite mwankhanza. Anaima pakhola paja, anaganiza, anasankha, n'kuona kuti wachita zanzeru.

Anadzuka n'kupita kukhola. Tiana tonse tinali titatuluka m'bokosi, titaunjikana pakona ija Phulusa ankakhala, tikufwenkha nsungwi ndi timphuno. Anaima pamenepo nthawi yaitali. Kenako anatuluka pampanda, ndipo anabwera ndi a Bilali, akadali mu mkanjo wawo woyera wa kumzikiti.

A Bilali anayang'ana chikopa, anayang'ana tiana, anayang'ana a Fletcher. “Astaghfirullah,” anatero chapansipansi, kupempha Mulungu chikhululuko. Sanawonjezere, ndipo ndikuganiza kuti a Fletcher akanakonda kutukwanidwa.

“Kalulu wanga wina ali ndi ana a msinkhu womwewu,” anatero a Bilali. “Tikatipaka ubweya ndi udzu wa m'chisa chake, mwina atilandira. Koma ali ndi ake asanu, mawere sangakwane. Nditenga titatu basi. Tinayi totsalati muyese mkaka wa mbuzi, ndikupatsani. Muzidonthezera pakamwa pang'onopang'ono, mukathira wambiri umalowa m'mphuno. Sindikulonjezani kanthu, mayi. Tambiri sitipirira.”

“Titenge titi?” anafunsa a Fletcher.

“Tamphamvu, toti tikalimbirane bere ndi eni ake.”

Ndinawapatsa a Fletcher dengu lomwe lija ndinaperekezera Phulusa. “Sankhani zazikulu,” ndinatero. “Si ndiye ntchito yanu?”

Anakasamba m'manja ndi sopo kawiri, osauzidwa. Anatola titatu, kamodzikamodzi, ndi manja awo akuluakulu okakala aja, n'kutsatira a Bilali. Ine ndinatsala ndikufunafuna kasirinji kamene ndinkamwetsera Tamanda mankhwala. Nditakapeza ndinakhala pansi ndi tinayi tija pachitenje. Kamodzi kanameza. Tiwiri tinkangotembenuza mutu. Kachinayi, kakang'ono kwambiri, mkaka unkangotuluka m'mbali mwa kamwa.

Ngakhale titatu ta kwa a Bilali tipulumuke, wamkazi mwa ito sangabereke mvula isanathe. Ndinawerengera ndi zala zomwe zija, ndipo Febuluwale anali pomwe ndinamusiya chaka chatha.

Tamanda anabwera ndi tsamba la kholowa m'dzanja limodzi, kafupa kake m'dzanja linalo, poti anakana kukataya. Analowetsa tsamba pakati pa nsungwi.

“Phulusa! Phulusa, idya!”

“Bwera ndikusambitse, wadzola msuzi thupi lonse.”

Ndinamuimika m'beseni pakhonde. A Fletcher anali atabwerako, atakhala pa ukonde wawo, singano ili m'manja koma osasoka. Ndikumuthira madzi, mwana anayang'ana bambo ake n'kuseka.

“Ababa, nyama yokoma. Mawa tidyanso?”

Bambo ake anaweramira pa ukonde uja.

Ndinamupaka sopo kumsana, m'mimba, m'chiuno. Mkanda uja unatsetsereka mpaka pamatako n'kuima pamenepo, utatsala pang'ono. Mu Febuluwale muja unagwera m'beseni ndili ndekha, amuna anga ali kudoko kufunafuna ganyu, ndipo nditawauza anati ana amatero. Ulendo uno ndinamutulutsa mwana m'madzi ali chinyowere, ndinayenda naye mpaka pa ukonde, n'kumuimika pakati pa mawondo awo. Ndinatenga chala chawo n'kuchilowetsa pakati pa mkanda ndi mimba ya mwana. Chinalowa. Ndinalowetsa chachiwiri, chinalowanso, malo n'kutsalabe.

“Inu ndi amene mumadziwa mfundo,” ndinatero. “Fupikitsani, ungagwe.”